Mbewa Zanu Zinafika ku Kilimane

Ku Chinde,
Okutobala, 1911.

Okondedwa achemwali anga a Lettie,

Landirani moni wochokera kwa ine mlongo wanu Alufeyo, uja munkati adzafera m'njira chifukwa cha pakamwa. Sindinafe. Kodi inu muli bwanji kumeneko? Mwendo uja unkakuvutani nthawi yozizira wakusiyani, kapena ukadali kukulamulirani? Nanga alamu anga a Filipo akutsokomolabe? Ine kuno ndili bwino, kungoti mano akundithawa limodzilimodzi ngati anthu ozemba msonkho.

Ndikudziwa kuti zilembo inu simuziona, ndipo amene akukuwerengerani kalatayi ndi Estele. Iwe Estele, werenga monga anakuphunzitsira ku Mishoni, usadumphe mzere, usathamangire kumapeto. Nkhani yako ilimo, koma ili patali. Uyambe wadutsa m'mimba mwa atsibweni ako.

Ndikadali kuphika panyumba ya alendo ija, pamene azungu amagona podikira sitima. Kuno ku Chinde ndi mchenga wokhawokha. Galu akakuuwa ulibe mwala womugenda, umangomutukwana basi.

Mthenga wanu Jailosi anafika bwino ndi phukusi lanu. Kalongonda ndinadya tsiku lomwelo. Mbewa zija ndinasunga, ndipo mumva kumene zinakafika. Uthenga wanunso anandiuza wonse, atakhala pansi, nkhope atayikwinya monga munamulangizira. Akuti Faraji, mnyamata wa Chiyao uja ankasoka zovala pakhonde la sitolo pa Boma, amene tsopano ali ku Kilimane, watumiza mawu ofunsira Estele, ndipo akufuna kudzamutenga kuti akakhale naye kunyanja. Akuti inu mwati ine mwini mbumba ndipite ndikamukane pamaso, pakuti Pilato, mwana wa akulu a mpingo, ali wokonzeka kumanga nyumba kuseri kwa nkhokwe yanu.

Ndinamva, ndipo sindinaseke. Mwana wamkazi muli naye ndi mmodzi yekhayo. Anyamata anu onse anapita kukakhala akamwini kwa eni. Estele akachoka, mudzi wa amayi athu watha, patsala inu ndi a Filipo ndi chifuwa chawo. Za Pilato ndilibe naye mlandu. Ndi mnyamata wabwino, kungoti akayamba kulankhula nkhuku zimalowa m'khola zokha.

Sitima yaikulu inachedwa, alendo owaphikira kunalibe, ndiye adona a panyumba pano anandilola kuchoka pang'ono. Ndinakwera kasitima kamene kamayenda m'mbali mwa nyanja yamchere. Achemwali, nyanja imeneyo ilibe ulemu ndi imvi. Ndinabweza chakudya cha tsikulo, ndi cha dzulo lake, mpaka phala limene amayi anandimwetsa ndili khanda ndinaliona likutuluka.

Kilimane ndi Chuwambo uja. Paja tili ana dzina limeneli linali loopsezera, ukalira kwambiri ankati tikugulitsa ku Chuwambo. Ndiye ine ndinkayembekeza kuona malo a mdima, anthu okwiya, mwina ndi mafupa m'njira. Ayi ndithu. Mudziwo ndi wokongola mochititsa manyazi.

Faraji anandichingamira padoko, atavala mkanjo woyera ndi kofiya. Anagwada pamaso pa anthu onse aja, nalandira phukusi langa ndi manja awiri. Ndinamuuza kuti ndangobwera kudzaona tauni, nkhalamba isafe isanaone kumene inkaopsezedwa. Iye anangoti chabwino, tiyeni muone. Koma maso ake ankadziwa.

Ndiyambe ndi mtsinje. Mutatenga Ruo, Lichenya ndi Thuchila n'kuithira pamodzi, poyerekeza ndi umenewo angakhale malovu a mwana. Sitima zimalowa mpaka pakhomo pa tauni, pamodzi ndi ngalawa za matanga zochokera kutali, zodzaza ndi anthu a zilankhulo zimene ngakhale pa Pentekoste sizinamveke.

Kumbuyo kwa tauni kuli mitengo ya ngole, ija azungu amati kokonati. Siitha, achemwali. Kumene maso akulekeza, iyo ikupitirira. Ndi yaitali, yopanda nthambi, tsitsi kumutu kokha litanyankhalala ngati alamu anga a Filipo atangodzuka. Amuna amaikwera ndi kachingwe kumapazi, mpeni kukamwa, mofulumira kuposa anyani a ku Chambe.

Misewu ndi yotakata, mitengo anaibzala mbali zonse ziwiri pamzere ngati ana a sukulu, mwakuti munthu umayenda mumthunzi dzuwa lili paliwombo. Nyumba ndi za makoma ochindikala, zopaka laimu, zina zachikasu, zina zofiirira. Madenga ake si udzu, si malata, koma mapale ofiira, ngati munthu anaswa miphika ya mudzi wonse n'kuiyala pamwamba mwaluso. Ndinaima nthawi yaitali n'kumaganiza za chaka chija denga lanu linadontha pamutu pa mlaliki.

M'mphepete mwa mtsinje muli tchalitchi cha Aroma, chakale kwambiri, cha nsanja ziwiri. Akuti chinamangidwa agogo athu asanabadwe. Ndinavula chipewa n'kulowamo, Faraji anandidikira panja. M'katimo mukuzizira ngati m'phanga, ndipo muli zifanizo za anthu oyera mtima, zonse za nkhope zachisoni ngati zinakwera kasitima kanga kaja. Ichi musawauze akulu a mpingo. Sindinagwade, ndinangopumitsa mawondo.

Adona a kumeneko, ena akuda ngati ife ndithu, amayenda pamachira ya denga, onyamula atavala zofanana, akuimba. Mphete zala zonse. Mmodzi anandiyang'ana, ine n'kumuvulira chipewa, iye n'kuyang'ana kumbali. Faraji anati mwina sanandione bwino. Mnyamatayo ali ndi chifundo.

M'sitolo za Amwenye muli nsalu zimene dzina lake sindilidziwa, ndi zonunkhira zophikira zili m'matumba, zofiira, zachikasu, zakuda. Ndinaika mphuno m'thumba limodzi ndipo ndinayetsemula mpaka mwini sitolo anasiya kuwerengera munthu mikanda kuti andione ngati ndikufa.

Koma ndisakunamizeni kuti zonse n'zokoma. Msewu woyera uja amasesa ndi akaidi omangidwa unyolo m'chiuno, asipayi, apolisi a kumeneko, ali pambuyo ndi mbalamatodya, kathabwa komenyera anthu m'manja. Pamenepo nthabwala zinandithera. Ndinakumbukira Alomwe aja amafika kwathu manja ali otupa. Faraji anandigwira pamkono, nati tidutse mbali inayo, ndipo ndiyang'ane pansi.

Tsopano za chakudya. Apa Estele uwerenge pang'onopang'ono, amayi ako amve njala.

Ine ndaphikira azungu zaka zambiri, nyama yowiritsa yopanda tsabola, yonga yophikira odwala, n'kumadziyesa katswiri. Ku Kilimane ndinazindikira kuti ndine wotenthetsa madzi chabe. Pamsika tinadya tizilombo ta m'nyanja totchedwa kamarau. Ndi dzombe la m'madzi, la ndevu kuposa mzungu wa kumunda wa tiyi. Amalikazinga ndi adyo ndi ndimu, ukalisenda m'kati muli nyama yoyera yotsekemera. Ndinayamba ndi mantha, ndinamaliza wogulitsa akundichotsa mbale m'manja.

Pali chakudya china amati mukapata. Ndi mpunga ndi mphodza, zophikira pamodzi mu mkaka wa ngole mpaka zitafewa ngati chigumu chosapsa. Ngole ilibe mabere, musadabwe. Amapala mnofu wake, n'kuufinya m'madzi, potuluka mkaka woyera. Chakudya chimenechi anachipangira anthu opanda mano. Ndinachidya ndi misozi yothokoza.

Nanga nkhuku. Amaing'amba pachifuwa n'kuiyala ngati buku, n'kuinyika mu ndimu, adyo, tsabola ndi mkaka womwewo, kenaka pamakala. Ikamapsa amaidzoza mobwerezabwereza, ndipo chodzozera chake ndi nthenga ya nkhuku yomweyo. Taganizani ulemu umenewo. Ine ndikadzafa mudzandiike choncho.

Tinadutsanso pamene amagulitsa uchema wa ngole. Faraji samwa, chipembedzo chake chimaletsa. Anati iye akayang'ane ulusi pasitolo yapafupi, ndipo achedwako pang'ono, ine ndipume pamthunzi. Ndinapuma ndithu. Pobwera sanandifunse chifukwa chake mthunziwo unandifiiritsa maso.

Faraji amagona ndi kugwira ntchito kwa Che Ahmadu, telala wamkulu, munthu wamtali, wofatsa, wa ndevu zoyera, amene amalankhula ngati mawu amagula. Akazi awo ndi a Mwanahalima, mayi wamfupi, wa msinkhu wangawu, mkamwa mofiira ndi masamba amene amatafuna. Amakazinga zitumbuwa zogulitsa, ndipo pakhomopo amene amalamula ndi iwo, ngakhale mbuzi zikudziwa. Amalankhula Chichuwambo chosakaniza ndi Chiswahili, Faraji ndiye ankatimasulira.

A Mwanahalima ndinawapeza akupala ngole atakhala pakampando kokhala ndi chitsulo cha mano kutsogolo. Ndinati ine ndine khukhi, andipatse ndiwaonetse. Ndinakhala molakwika, chitsulo chija n'kundigwira buluku, n'kuling'amba kuchokera kumbuyo mpaka pabondo. A Mwanahalima anaseka mpaka anakhala pansi, nati amuuze khukhi kuti chimene amapala ndi ngole, zinazo palibe amene wazipempha. Anandibwereka nsalu, ndinakhala pakhonde nditamanga m'chiuno ngati namwali wotuluka m'tsimba. Faraji anatenga buluku n'kukhala pamakina. Achemwali, msoko wake mungaufune ndi nyali osaupeza. Anasokanso ndi thumba limene linabooka kale, ine osamupempha.

Apa ndinayamba kuopa. Munandituma kudzakana, koma mimba ikakhuta pakamwa pamachita manyazi. Ungamukane bwanji munthu nkhuku yake ili m'mimba mwako, buluku lako lili m'manja mwake? Ndinaganiza, n'kupeza nzeru ya Alufeyo. Ndinati ine ndisakane, atikane ndi iwowo. Paja Asilamu mbewa sadya, ngakhale kuikhudza safuna. Ndipo mbewa zanu zinali m'phukusi langa.

Tsiku loti ndibwerera mawa lake anandikonzera chakudya chachikulu chamasana. Anayala mkeka watsopano, tinasamba m'manja, panabwera mbale yotakata ya mpunga wonunkhira ndi nyama ya mbuzi pamwamba. Tinakhala amuna atatu, ine, Che Ahmadu ndi Faraji, pakuti akazi amadyera kuseri. Ndinakonza kukhosi, n'kunena kuti kwathu mlendo safika chimanjamanja, ndipo apongozi atumiza ndiwo. Ndinamasula phukusi, n'kuika mpani wa mbewa pamkeka, pambali penipeni pa mpunga, michira ili ndondondo. Ndinawonjeza kuti ndiwo imeneyi ndi imene Estele amaidziwa kuphika, m'mawa ndi madzulo, ndipo chipande chake ndi chimodzi cha miphika yonse. Pepa Estele, ndinakunamizira, inali nkhondo.

Che Ahmadu anadumpha chobwerera, atakwinya mkanjo, akutchula dzina la Mulungu m'chilankhulo chawo chopempherera. Sindinkadziwa kuti munthu wa ndevu zoyera angadumphe choncho. Faraji anawerama. Kenaka anati mphatso ya apongozi siibwezedwa, natenga kansalu kuti alandirire mpaniwo osaukhudza. Ine mumtima ndinati ntchito yatheka, ngakhale sindinakondwe monga ndinkayembekezera.

Phokoso lija linatulutsa a Mwanahalima kukhitchini, mbale ya msuzi ili m'manja. Ataona za pamkeka anaima. Anaika mbale pansi. Anatola mpani uja ndi manja awo enieni, n'kuufikitsa pamphuno, n'kutseka maso. Kenaka anayamba kuloza imodziimodzi ndi chala, akutchula mitundu yake: kapuku, kapuku, tondo, chitute. Anatchula m'chilankhulo chathu, achemwali, ndi mawu a kwathu kwenikweni, onga a mwana wa m'tsinde mwa phiri. Atatero anandiyang'ana, nati m'Chimang'anja chothyokathyoka, amene anawawula mbewazi anali pachangu, ubweya watsala m'khosi. Ine ndikungonena zimene ananena.

Tonse tinangoti kakasi, ndi amuna awo omwe. Che Ahmadu ankadziwa kuti mkazi wawo anachokera kumtunda ali mwana, koma za kumtundako sanamufunsepo, iyenso sananenepo.

A Mwanahalima anakhala pamkeka pathu, mwambo wa amuna ndi akazi n'kuiwalika. Akuti kwawo kunali pansi pa phiri lalikulu la thanthwe loyera, limene mvula ikagwa madzi amatsika ngati ulusi. Panali mtsinje wozizira wa miyala yobulungira. Dzina la mudzi analiiwala, koma amayi awo anali Nangondo. Tsiku lina tchire litapsa, amayi awo anawatuma ndi anzawo kukakumba mbewa, pakuti pakhomo panalibe ndiwo. Anthu a mfuti anawapeza komweko, manja ali kudzenje. Anayenda nawo mpaka ku Chuwambo. Za m'njira ndi za pambuyo pake sanafotokoze, anangogwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. Sanalire. Analavula zofiira zija pabwalo, nati chimene chimawavuta si chingwe chimene anawamanga nacho ayi, koma kuti anatumidwa ndiwo, ndipo mpaka lero sanabwerere nazo.



Koma mayiyo sanandipatse nthawi yochita chisoni. Ananditembenukira, nati nkhalamba iwe ndiwe tambwali, ndakuona kuyambira tsiku la buluku. Akuti ngati ndili ndi mawu ndinene ndi pakamwa, ndisatume mbewa zakufa kuti zindilankhulire. Ndiye ndinanena zonse. Ndinati mlongo wanga ali ndi mwana wamkazi mmodzi, ndipo kwathu mwana wamkazi ndiye mudzi. Ndinati Farajiyu ndilibe naye chifukwa, koma akamutengera Estele kuno, mlongo wanga adzakalamba akuyang'ana kunjira.

A Mwanahalima anamuyang'ana Faraji monga mumayang'anira mbuzi ili m'dimba. Anamufunsa kuti bambo ake anamanga nyumba kuti. Iye anati kwa amayi ake, monga achitira Ayao onse. Anamufunsanso kuti nanga iye Uluya, khalidwe la Aluya lotengera mkazi kwawo, anauyamba liti, kapena unabwera ndi kofiya. Anati makina osokera amanyamulika, amuna awiri ndi mtengo basi, koma mayi sanyamulika. Anati kodi ku Mulanje anthu amayenda maliseche, kuti telala akasowe chochita?

Che Ahmadu anayesa kulowererapo. Anati mnyamatayu ndiye dzanja lawo lamanja, maso awo atopa, ulusi sauonanso pasingano. Anatinso kuno kuli mzikiti waukulu ndi aphunzitsi, kumtundako mwanayu akasochera. Akazi awo anawauza kuti mpunga ukuzizira, adye. Anadya.

Tonse tinatembenukira kwa Faraji. Atalankhula sanabise. Anati tauniyi amaikonda. Kuno anthu amamutchula kuti fundi, ndiye kuti mmisiri, adona amatumiza machira kudzamutenga kuti akawayese madiresi. Kwathu akakhala mkamwini, wotumidwa kukamata nkhokwe ndi kukathamangitsa anyani m'munda. Anati iye ankafuna Estele aone zimene ine ndaona, adye zimene ndadya, ayende mumthunzi uja. Sankafuna kuba mwana wa munthu. Kenaka anayang'ana a Mwanahalima, mpani uja ukadali m'manja mwawo, nati chabwino, abwera adzamange kwa Estele.

Anapempha ziwiri zokha. Choyamba, nthawi yake yopemphera pasakhale womuseka kapena womutuma. Chachiwiri, akhale ndi mphika wakewake umene sunaonepo mbewa kapena nkhumba, ndipo nkhuku yake azizinga yekha. Ine ndinati nanga za tchalitchi? Anati Estele azipita, ndipo diresi la Lamulungu adzasoka ndi iye. Che Ahmadu, mkamwa muli mpunga, anavomereza kuti buku lawo sililetsa mwamuna kukwatira mkazi wa tchalitchi. Za ana ndinanena ine, kuti ana ndi mbumba yanga, ndipo palibe anatsutsa, ngakhale ndevu zoyera zija zinagwedezeka pang'ono.

Achemwali, ndinavomera. Ndapereka mawu anga monga mwini mbumba. Munandituma kukakana, ndipo ndakana ndithu, koma chimene ndakana ndi chitengwa, osati munthu. Estele, ngati mawu akukutsamwa apa, imwa madzi, amayi ako adikira.

Mwina mukufunsa za mbewa. A Mwanahalima sanadye, anati pakamwa pawo panalowa Chisilamu kalekale ndipo sabwerera. Koma anandiitanira kuseri kwa nyumba, pafupi ndi mbuzi, nati ndidye imodzi iwo akuona, akufuna amve kulira kwa mafupa. Ndinadya kapuku ndi mano anga otsalawa, ndikutafunira mbali imodzi ngati ng'ombe. Iwo anaima pafupi, khutu atatchera. Anandifunsa ngati zikukomabe monga kale. Ndinati zikukoma. Anati idyanso ina.

Tsopano pempho langa ndi limodzi. Mumulandire mnyamatayu. Mvula ikatha, mitsinje ikaphwa, udzu wofolera ukakhwima, tibwera wapansi kudzera njira ya ku Milanje, kumalire kuja, ine ndi Faraji ndi makina ake. A Mwanahalima akuti abwera nawo ngati ankhoswe a kuchimuna, ndipo amene angawaletse sanabadwe. Njira yake ndi yomwe anatsikira ali mwana. Mumuonetse Faraji malo omanga, muumbitse mphika watsopano, ndipo kwa a Pilato mutumize munthu waulemu akathokoze bwinobwino, asamve ndi anthu a pachitsime. Mukamakumana ndi amayi achikulire a ku Likhubula ndi midzi ya m'tsinde mwa phiri, muzifunsako ngati alipo akukumbukira Nangondo amene mwana wake anapita kokumba mbewa osabwerako. Mwina palibe. Kufunsa sikuthyola mwendo.

Ndikudziwa kuti mukwiya, ndipo mukunditukwana kale Estele asanamalize mzere uno. Tukwanani, ndili kutali. Akulu a mpingo nawonso adzalankhula, ndi ntchito yawo, ndipo mwina adzakuitanani. Muwauze kuti mlandu ndi wa Alufeyo. Dzina langa analizolowera, silidzawadzidzimutsa. Ndikadzafika ndidzakhala pabenchi lakumbuyo nthawi yonse imene adzanene, kumeneko n'kumene kumabwera tulo tabwino.

Mupereke moni kwa alamu anga a Filipo. Muwauze kuti masiku awo okhala mkamwini yekha pamudzipo atha, akupeza mnzawo womutuma. Moni kwa ana anu aamuna konse kumene anakwatira, ndi adzukulu onse, ndi ongobadwa kumene amene sindinawaone. Moni kwa azakhali athu ngati makutu akumvabe, ngati sakumva muwakuwire. Mukapita kutsidya mukaone akazi anga a Lucy, muwauze kuti adona a ku Kilimane anandilimbirana koma ndinakana onse, ndipo ndawagulira nsalu ya maluwa. Jailosi mumupatse nkhuku, wayenda ulendo wautali ndi nkhope yokwinya.

Inu achemwali, gonani tulo. Mwana wanu sakupita kunyanja. Adzakutungirani madzi, adzakusinjirani, adzukulu adzakusokoserani pakhonde mpaka mudzalakalaka akanapita. Koma munda wa mkamwini mumupatse wa kudambo, osati wa miyala wa kuphiri uja. Manja a telala ndi ofewa. Mukawathyola chaka choyamba, mudzi wonse udzayenda ndi zigamba.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane maso ndi maso, mudzanditukwane ndili pafupi.

Ndine mlongo wanu,
mwini mbumba wosamva kutumidwa,
Alufeyo Makawa.